Kumtunda Kwake Kuti?

Mukamufunsa Eneless Makawa kuti ndi tsiku liti limene amaliyamika kwambiri chibwerereni ku Chintheche, satchula tsiku limene anapeza ntchito. Amatchula tsiku limene doko lonse la Kawanga linamuseka, iye ataima pamchenga ndi chimkuzamawu m'manja.

Eneless ndi mayi wa ku Phalombe. Anabwera kuno kudzaphika pa loji ina ya m'mphepete mwa nyanja, chakumwera pang'ono kwa msika. Chitonga ankachidziwa cha moni ndi chonenerera mtengo wa tomato basi. Koma bungwe lina litabwera kudzakhazikitsa komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, iye ndiye anayamba kukweza dzanja. Eni mudzi, amene misonkhano amaiona ngati yotayitsa nthawi yosokera maukonde, anamusiyira ulembi ndi mtima woyera.

Doko la Kawanga lili pamene mtsinje wa dzina lomwelo umathira m'nyanja. Ndi mtsinje wofatsa, woti chilimwe munthu amauwoloka osakwinya thalauza. Pamchenga wa pamathiriro akewo pali misasa ya asodzi ndi mathandala oyanikapo usipa, ndipo m'maiwe a m'mbali mwake amayi amaviikamo chinangwa cha kondowole. Vuto la mtsinjewu ndi loti umachokera kutali kumapiri. Mvula ikhoza kuvumba kumeneko usiku wonse, m'mawa kuno dzuwa likuswa mtengo, madzi n'kufika osagogoda.

A bungwe aja anabwera ndi zida zawo zamakono. Pa mlatho wina wa kumapiriko anamangirira kamakina ka sola koyeza madzi, ndipo pambali pake anazika mtengo wopakidwa utoto wobiriwira, wachikasu ndi wofiira, woti mphunzitsi wina dzina lake Bryson aziuyang'ana. Ananena monyadira kuti m'tsogolo muno palibe adzafe ndi madzi chifukwa chosadziwa. Madzi akangofika pofiira, makinawo adzatumiza okha uthenga ku foni ya munthu aliyense wa padoko. Chinatsala ndi mawu a uthengawo, ndipo anapempha mlembi kuti awalembe. Eneless sanaganize kawiri. Analemba kuti, "Madzi osefukira akubwera. Thawirani kumtunda msanga."

Tsiku loyeserera linafika mu Novembala. Alendo ochokera ku boma anakhala pa mipando ya pulasitiki pa kachitunda ka kwa a Jones, pansi pa mitengo ya mango, mmodzi atagwira wotchi kuti aone kuti anthu atenga mphindi zingati kufika pamwambapo. Teni koloko itakwana, mafoni analira padoko ponse. Eneless, atavala chikoti chachikasu cha komiti pamwamba pa diresi la ku tchalitchi, anathamanga pamchenga akufuula mawu ake aja.

Ndipo anthu anamvera, tisawanamizire. Amayi anavuula chinangwa m'maiwe, n'kuyenda mapazi khumi, n'kutula mabeseni pamchenga. Abambo amene ankatsuka maukonde anatuluka m'madzi, n'kukokera mabwato pouma, n'kukhala pansi. Kenako onse anamuyang'ana Eneless ndi nkhope za anthu amene amaliza ntchito yawo bwino. Kwa a Jones kunafika anthu atatu okha, onse ogwira ntchito pa loji: Frackson wosamala maluwa wa ku Ntcheu, ndi alonda awiri a ku Mulanje. Wotchi ya mlendo uja inkangoyenda.

Eneless analunjika kwa a Griffin Longwe, mwini ukonde waukulu padokopo komanso mkulu wa mpingo ku Bandawe, munthu wa mawu ochepa amene ena onse amayang'ana kaye asanachite kanthu. Anawapeza atatambalala pamchenga, akusoka ukonde.

"Ada Longwe, uthenga simunaumve?"

"Ndaumva, ama. Ndathawa."

"Mwathawira kuti?"

A Griffin anamenya mchenga ndi chikhatho. "Ndinali m'madzi, pano ndili kumtunda. Nanga kumtunda kwake kuti kumene mukufunaku?"

Doko lonse linafa ndi phwete. Ndipo pamenepa ine ndili kumbali ya asodzi. Kwa munthu wobadwira pa nyanja, dziko lili pawiri basi: pali panyanja, pali kumtunda. Phazi likangoponda mchenga wouma, wafika. Palibe amene anachita mwano tsiku limenelo. Anamva Chichewa bwinobwino, anangochimva mwa kwawo.

Eneless sanaseke, komanso sanakangane nawo. Anapatsira Frackson chimkuzamawu, n'kubwerera ku khitchini ya loji, kumene anadula anyezi wambiri kuposa amene alendo akanadya sabata yonse. Anzake ankaganiza kuti ndi manyazi chabe. Manyaziwo analipo, koma chinamulasa ndi funso lija.

Mu Malichi 2023, namondwe atavumbitsa mvula masiku atatu osakata ku Phalombe, madzi a m'khwawa anakwera mpaka pabwalo la kwawo. Mng'ono wake Tiyanjane anali panja, akuyesa kutsegulira mbuzi. Eneless anaima pakhomo n'kukuwa ndi mphamvu zake zonse kuti, "Thawira kumtunda!" Kenako Eneless anabwerera m'nyumba kukatenga mayi awo, n'kuwabereka kutsata msewu mpaka kusukulu, imene inali pa kachulu kotalikirana ndi phiri. Tiyanjane naye anamvera. Anathamangira kumtunda kwenikweni, cha m'munsi mwa phiri, ndipo phirilo linatsika ndi matope ndi miyala. Mpaka lero sanapezeke.

Zaka zonsezi Eneless ankadziuza kuti mng'ono wake anafa chifukwa chenjezo linachedwa. N'chifukwa chake anakweza dzanja pa msonkhano uja, n'chifukwa chake kamakina ka sola kanamusangalatsa chonchija. Tsopano mkulu wina wosoka ukonde anamufunsa funso limene Tiyanjane sanapeze mpata wofunsa. Akanangoti "kusukulu", liwu limodzi lokha, bwenzi mwana wa mayi ake ali moyo. Kwa sabata yathunthu Eneless anadana nawo a Griffin, moti akaona nsomba zochokera mu ukonde wawo ankauza Frackson kuti akagule kwa wina.

Lamulungu lotsatira, mapemphero atatha, anapita kunyumba kwa a Griffin. Sanadziwe bwinobwino ngati akupita kukawakalipira kapena kukatula pansi ulembi. Mwana wawo wamkazi, Mercy, anamuyalira mphasa pakhonde. Eneless atatsegula pakamwa, munatuluka nkhani ya Tiyanjane yonse, kuyambira mbuzi zija mpaka masiku amene anakumba matope ndi makasu a kumunda. Inali nthawi yoyamba kuuza munthu kuti amene anakuwa mawu aja anali iye.

A Griffin anavula chipewa n'kuchiika pa bondo. Anapepesa mwachidule, monga amachitira akulu a mpingo pa maliro. Kenako, m'malo momutonthoza ndi mavesi, anamufunsa kuti kwawo ku Phalombe munthu akati kumtunda amatanthauza chiyani kwenikweni. Eneless anayankha kuti ndi pamalo pokwera, pamene madzi sangafike. Mkuluyo anabwereza mawuwo kawiri pang'onopang'ono, ngati akuloweza nambala ya nyimbo, n'kunena kuti wakalamba akulankhula Chichewa koma zimenezo samazidziwa.

Kuyambira pamenepo anagwira ntchito atatu. Anayenda njira zonse zochoka padoko, ndipo a Griffin anakana njira yachidule ya pa kamlatho ka matabwa, ati kameneko ndi koyamba kukokoloka. Anagwirizana kuti liwu loti kumtunda lisadzamvekenso pa chimkuzamawu. Anthu aziuzidwa dzina la malo: kwa a Jones, pa mango, kudzera kuseri kwa chigayo. Amene ali panyanja asayerekeze kukocheza pa Kawanga, alowere ku doko la miyala la cha ku Bandawe. Mercy anaika mawuwo m'Chitonga n'kumamuphunzitsa Eneless madzulo akaweruka. Ankamuseka mpaka kugwira nthiti, ati Chitonga chake chikumveka ngati munthu akutafuna chimanga chokazinga, koma sanamulole kupita asanatchule bwino.

Eneless analemberanso kalata a bungwe aja, kupempha kuti mawu a mu makina asinthidwe. Anamuyankha mwaulemu kwambiri kuti kalata yalandiridwa, ndipo zikonzedwa wodziwa za kompyuta akadzabweranso kuchokera ku Lilongwe. Iye anakhulupirira, n'kuika kalatayo m'Baibulo. Dzinja linayamba, linafika pakati, mtsinje wa Kawanga uli phee.

Linali Lachitatu lina mu Epulo, m'mawa kutacha bwino, kumwamba kopanda ndi kamtambo komwe. Eneless ankakazingira alendo mazira pamene foni yake inalira. Anali Bryson, akupuma mwawefuwefu. Anati kumapiri mvula yagwa usiku wonse, madzi adutsa pofiira, ndipo mtengo wautoto uja sukuonekanso n'komwe. Anati mwina kwatsala ola limodzi, mwinanso osakwana.

Anathamanga ndi epuloni yomwe. Chikoti chachikasu anachiiwala, koma chimkuzamawu chinkakhala pa msomali kuseri kwa chitseko cha khitchini kuyambira Novembala. Atafika pamchenga anakoka mpweya n'kufuula Chitonga chake cha ku Phalombe chija: "Maji ngatuza! Lutani kwaku Jones!" Anabwereza m'Chichewa kuti madzi akubwera, apite kwa a Jones, adzere kuseri kwa chigayo.

Anthu anayang'ana kumwamba, n'kuyang'ana mtsinje woyera mbee, n'kung'ung'udza. Mayi wina anafunsa ngati alendo a wotchi abweranso. Koma Mercy anasenza beseni lake la chinangwa n'kuyamba kuyenda osacheuka, ndipo ena anamutsatira, chifukwa ulendo uno panalibe choti n'kutsutsana. Kwa a Jones ndi kwa a Jones, aliyense anadyako mango a kumeneko ali mwana. Eneless analowa msasa uliwonse. Mu wina anapezamo bambo wodwala malungo, ndipo Frackson anamukweza pa wilibala ya ku loji. Mphindi makumi atatu zisanathe, padoko panatsala nkhuku ndi mathandala.

Atafika pa kachitunda, Eneless anamva mtima wake ukubwerera m'malo. Ndi pamene mafoni onse analira nthawi imodzi, m'matumba, m'zitenje, m'mabeseni. Makina aja anali atadzuka. Anatsegula uthengawo n'kuona mawu ake omwe, osasintha ngakhale chilembo chimodzi: thawirani kumtunda msanga.

Mercy ndiye anayamba kuloza panyanja. Inali nthawi imene asodzi a usipa amabwerera, ndipo patali pankaoneka mabwato khumi ndi limodzi, akuyenda mwaulesi monga amachitira anthu amene agwira ntchito usiku wonse. Bambo ake anali momwemo, mwamuna wakenso. Asodzi amakulunga mafoni awo m'mapepala a shuga n'kuwamangirira m'chiuno, ndipo uthenga uja unawapeza nawonso. Anthu ali chiyang'anire, nkhafi zinayamba kuthamanga. Mabwato onse analunjika pa doko la Kawanga, pamathiriro penipeni pa mtsinje. Amuna amene ali pamadzi auzidwa kuti athawire kumtunda, ndipo kumtunda kwawo kunali kumeneko.

Eneless anaimbira a Griffin. Foni inaitana mpaka kuduka. Anaimbanso, chimodzimodzi, pakuti munthu wopalasa alibe dzanja loyankhira. Anakweza chimkuzamawu n'kufuula dzina la Bandawe mpaka mawu anasasa, koma mphepo inkachokera kunyanja ndipo inkamubwezera mawu ake kumaso. Liwu lomwe lija, lochokera pakamwa pomwe paja, linali kukokera anthu makumi awiri kapena kuposa kumene madzi adzere, ndipo iye anali ataimanso pouma n'kumaonerera.

Kenako mtsinje unafika. Unayamba ndi phokoso ngati la lole yodzaza ikutsika chitunda. Madzi ofiirira anatulukira pa ngodya atasenza nthochi zonse ndi mizu yomwe, zitsa, denga la khola la winawake. Kamlatho ka matabwa kanapita osatsanzika. Mathandala anagwa motsatizana, misasa inayandama, ndipo matope aja analowa m'nyanja n'kutambasuka, akukankha mitengo patsogolo, kulunjika kumene kunkachokera mabwato. Mercy anagwira dzanja la Eneless mwamphamvu mpaka zikhadabo zinalowa.

Bwato limodzi linapatuka pa mzere. Linathamanga kupitirira anzake, n'kukaima chopingasa patsogolo pawo. Munthu wina anaimirira m'menemo atakweza nkhafi m'mwamba. Mabwato ena anachepetsa liwiro n'kuunjikana pamodzi. Kuchokera pa chitunda zinkaoneka kuti pali mkangano, chifukwa awiri anayesa kulambalala, ndipo woimirira uja ankaloza ndi nkhafi kumwera, n'kulozanso. Zinatenga nthawi yoti munthu akhoza kuimba nyimbo yonse ya m'buku. Kenako bwato loyamba linatembenuka, lachiwiri linatsatira. Eneless anawerenga mokweza, chala chili m'mwamba, ndipo atafika pa khumi ndi limodzi anakhala pansi pa fumbi, epuloni ili kumaso.

Asodziwo anafika masana, wapansi, kutsata msewu wa tala kuchokera ku Bandawe, atasenza usipa wawo m'mabeseni obwereka. Panali kulira ndi kuseka, komanso kutukwana pang'ono anthu ataona zimene zatsala padoko. Maukonde atatu anapita, mathandala onse, ndi chinangwa cha mayi wina amene anati abwereranso kudzatenga. Koma a Jones, eni kachitundako amene analinso m'komiti, atazungulira ndi kope la komiti n'kuitana mayina, aliyense anayankha.

A Griffin anafika pomalizira, thalauza litanyowa mpaka m'chiuno. Eneless anawalandira ndi manja awiri, n'kuyamba kupepesa za uthenga uja, kuti analemba kalata, kuti akanayenera kukakamira. Mkuluyo anamudula mawu. Anati makinawo asawanyoze, chifukwa popanda iwo panyanjapo sakanadziwa kanthu, dzuwa linali lowala chonchija. Anati anyamata atawerenga anangomva liwu limodzi n'kuyamba kupalasa. Iyenso anapalasa kangapo ndithu.

"Kenako ndinakumbukira amene analemba," anatero. "Ndinati, uyu ndi mayi wa ku Phalombe. Kumtunda kwake si mchenga wathu uja. Ndi pamene madzi sangafike."

Eneless anafunsa kuti nanga anyamatawo anawagonjetsa bwanji, popeza iye anaona ndi maso ake kuti ena amafuna kudutsa. A Griffin anavomera kuti sizinali zophweka. Anawakumbutsa zimene anagwirizana m'komiti, iwo anati za m'komiti ndi za alendo a wotchi. Anawalamula monga mwini ukonde, iwo anati maukonde awo ali padoko ndipo akawaphula okha. Mkamwini wake yemwe anamuyankha mwamwano koyamba chikwatirireni.

Apa mkuluyo anavula chipewa, monga anachitira pakhonde paja.

"Mundikhululukire, ama. Nkhani ija munandiuza ine ndekha, koma ndaiulula panyanja. Ndawauza za mtsikana amene anamva liwu lomweli n'kuthamanga osafunsa kuti kwake kuti. Ndatchula ndi dzina lomwe. Ine sanandimvere. Amvera Tiyanjane."

Eneless anayang'ana amuna aja, atakhala pansi pa mango akumwa madzi, ana awo akuwakwera pamapewa. Kwa zaka zonsezi dzina la mng'ono wake linkamveka m'mutu mwake mokha, ndipo nthawi zonse linkabwera ndi matope. Lero linatchulidwa pakati pa nyanja imene Tiyanjane sanaionepo, ndi munthu amene sanamudziwe, ndipo mabwato khumi ndi limodzi anatembenuka. Misozi inatsika, koma siinali ija ya pa anyezi. Anafuna kuthokoza mkuluyu chifukwa cha funso limene anamunyazitsa nalo pamchenga, kuthokoza Mercy, Bryson, ngakhale kamakina kouma mutu kaja. Mawu a Chichewa anamuthawa onse.

Anagwada pa fumbipo n'kuthokoza m'Chitonga kuti, "Yewu ukongwa, ada."

Anatchula molakwika ngati kale, ndipo Mercy anamva bwinobwino. Ulendo uno sanamukonze.